Nyimbo Zisanu za Nangozo Pamsewu wa 401

Mukadafika ku North York m'chaka cha 1979, kuseri kwa nyumba ina ya madokotala pamsewu wa Finch, mukadapeza bambo wamtali atapindika m'kanyumba ka galasi, akupereka matikiti kwa anthu odzaimika galimoto. Kanyumbako kanali kothina moti akati atambasule mwendo, phazi linkatulukira pakhomo. Amenewo anali a Medson Gwedeza, dalaivala woposa onse amene ine ndinakwerapo galimoto yawo. Amalawi obwera kumene ankandifunsa kuti munthu wa manja otere akutani m'kabokosi. Ena ankanong'ona kuti mwina anagwidwa ataledzera. Zimenezo zimandipsetsa mtima mpaka lero, chifukwa a Gwedeza ngakhale thobwa logona ankayamba alinunkhiza kaye. Ine Lameck ndinalipo tsiku limene anataya laisensi yawo, ndipo kunena zoona ndinawathandiza kuitaya.

Kwawo kunali ku Balaka. Anayendetsa lole ya fodya ndi mtedza zaka khumi ndi ziwiri pakati pa Lilongwe ndi Limbe, msewu udakali wafumbi m'malo ambiri. Sankadzitama ndi liwiro ngati anzawo. Chimene ankanyadira n'chakuti m'zaka zonsezo sanadutsepo pa masamba a maliro osatsitsa giya. Akangoona nthambi zitayalidwa pamsewu, chipewa chinkatsika pamutu, lole n'kumakwawa mpaka kupitirira nthambi za mbali inayo, ngakhale bwana atawapatsa ola lofikira. Ankati dalaivala wothamanga pamaliro sanaleredwe.

Mkazi wawo Anastazia, amene iwo ankamuitana kuti Nangozo, anali namwino pachipatala cha mishoni ku Dedza. Masisitere a ku Canada amene ankagwira nawo ntchito ndiwo anamupezera malo kunyumba yosamalira okalamba ku Toronto mu 1970, ndipo chaka chotsatira a Gwedeza anamulondola. Mulungu sanawapatse ana. Ine ndi mkazi wanga Zelipa tinkakhala nawo m'nyumba imodzi yosanja pafupi ndi msewu wa Jane, ife pansanjika yachinayi, iwo yachisanu ndi chinayi. Amalawi tinali owerengeka zaka zimenezo, ndiye ubale tinachita kuupanga tokha. Zelipa anasanduka mng'ono wa Anastazia, ine ndikumati achimwene kwa a Gwedeza, iwo n'kumandikalipira ngati anandinyamulapo kumsana.

Ntchito anaipeza pakampani ina yonyamula zitsulo. Ankapita ku Hamilton, ku Buffalo, nthawi zina mpaka ku Montreal, ndipo ulendo uliwonse unkayambira ndi kuthera pa 401. Amene simunauone msewu umenewu, ganizirani mizere khumi ndi iwiri ya galimoto, yonse ikuthamanga nthawi imodzi, popanda mbuzi, popanda njinga, popanda munthu woyenda pansi. Mizere ya pakati amaitcha ekisipuresi, ndipo ukalowamo pamakhala mpanda wachitsulo uku ndi uku, sungatulukemo mpaka msewu utakulola wokha. Kuyendetsa kumanja anakuzolowera m'sabata imodzi. Chimene sanachizolowere n'kusaima.

"Lameck, uwu si msewu," anandiuza tsiku lina. "Ndi paipi. Amakulowetsa uku, ukatulukira kumene afuna iwo. Tsiku lonse ndaona galimoto zikwizikwi, koma sindinapatsepo munthu moni."

Malo amodzi okha ankawakonda: chipata cholipirira pa mlatho waukulu wa ku Burlington. Madalaivala onse ankachitukwana chipatacho, koma a Gwedeza ankachidikira ngati mwana akudikira tsiku la msika. Pamenepo galimoto zinkaima, m'kanyumba munkakhala munthu wankhope. Ankatsitsa galasi, kupereka ndalama ndi manja awiri, n'kuyamba kufunsa mkuluyo kuti wadzuka bwanji, nanga kunyumba, nanga mwendo uja unkavuta. Kumbuyo mahutala ali pipiii, iwo alibe nazo ntchito. Boma litachotsa zolipira pamlathopo kumapeto kwa 1973, anzawo anakondwera, iwo anabwera kunyumba nkhope ili gwaa ngati aferedwa. Ndinawaseka kwambiri tsikulo. Ndani wina padziko analirapo chipata cholipirira?

Chaka chawo choyamba anaona galimoto yonyamula maliro pa 401, nyali zili zoyaka masana, galimoto zina zikutsatira. Osaganiza n'komwe, anavula chipewa n'kuponda mabuleki. Thiraki imene inali kumbuyo inatsala pang'ono kuwalowa, ndipo bwana wawo anawachenjeza kuti akadzabwerezanso ntchito yatha. Kuyambira pamenepo ankangovula chipewa, phazi lili pamafuta. Chinkawawawa kwambiri n'chakuti maliro ankawapitirira.

"Ine ndanyamula zitsulo, iwo anyamula munthu, koma akundiovateka!" ankatero. "Akuthamangira kuti? Kumanda kutsekedwa?"

Ndinawayankha kuti inde, kuno kumanda amatseka faifi koloko. Sanaseke.

Anastazia naye anali ndi zake zimene ankaona. Lamlungu lina titachoka ku Misa, tikumwa tiyi kwathu, anatifotokozera mmene wokalamba amachokera kuntchito kwawo akamwalira. Amabwera amuna awiri ndi kabedi ka matayala, amadzera khomo la kuseri kumene kumakhala migolo ya zinyalala, ndipo pakatha mphindi zisanu bedi layalidwa kale nsalu zatsopano. Anzake a malemuyo amadya chakudya chamasana osadziwa kanthu. Iye ankathawa ntchito pang'ono n'kuperekeza kabediko mpaka pakhomo, poti panalibe wina woperekeza.

Kenaka anatembenukira kwa mwamuna wake, akuseka, koma maso osaseka.

"Kwathu ku Bembeke, kuchoka pakhomo pa amayi kukafika kumanda ndi nyimbo zisanu. Ndinaziwerenga pa maliro a abambo, ndinaziwerenganso pa maliro a achemwali. Inu a Gwedeza, ndikadzafera kuno musadzandithamangitse ngati katundu wanu wa ku Buffalo. Ndikufuna nyimbo zanga zisanu, ndikuyenda ngati munthu."

"Iwe Nangozo, ukulankhula chiyani pa tiyi?"

"Ndalankhula. Zelipa wamva, alamu amva."

A Gwedeza anaika kapu pansi n'kunena kuti amva. Tinasintha nkhani. Ine ndinaziiwala sabata yomweyo, poti Anastazia anali munthu wamphamvu, wokwera masitepe a nsanjika zisanu ndi zinayi chikepe chikafa, thumba la mbatata lili pamutu, azungu akumuyang'ana.

Khansa inamupeza chakumapeto kwa 1977, ndipo sinachedwe naye. Pofika Malichi anali m'chipatala china chimene mawindo ake amayang'ana pa 401 pomwepo. A Gwedeza anapempha maulendo afupiafupi kuti madzulo azikhala naye. Lolemba lina m'mawa, akuchokera ku Oshawa, a kuofesi anawaitana pa wailesi ya m'thiraki kuti achipatala aimba foni, afulumire. Anali mu ekisipuresi. Kutsogolo thiraki ina inali itagudubuzika, ndipo msewu wonse unaima nji. Chipatalacho ankachiona ndi maso, ankatha kuwerenga mawindo mpaka kupeza la Nangozo, koma pakati panali mpanda, mizere itatu ya galimoto, mpanda wina. Anakhala pamenepo ola lathunthu ndi theka. Anandiuza pambuyo pake kuti anatsegula chitseko kawiri kuti atsike athamange, koma akaganiza zosiya matani makumi awiri a zitsulo pakati pa msewu, mwambo wa ntchito unkawabweza. Msewu umene unakana kuima zaka zisanu ndi ziwiri unasankha kuima tsiku limenelo. Atafika, anapeza Zelipa atamutseka kale maso.

Zotumiza thupi kumudzi tinazikamba pang'ono chabe. Njira inali yaitali, mapepala ambirimbiri, ndiponso masiku amenewo munthu wokhalitsa kunja ankafunsidwa mafunso ovuta akatsika ndege kwathu. Tinagwirizana zoika maliro ku Markham. Tinasonkhana m'nyumba mwawo anthu ngati makumi awiri, Amalawi ndi anzathu a ku Chipata, amayi atakhala pansi pa kapeti, ife amuna tili m'khonde poti bwalo panalibe. Kulira kunali kochita kutsekereza pakamwa, chifukwa oyandikana nawo anali atagogoda kale khoma.

Lachiwiri m'mawa ndinawaona pawindo a Gwedeza ali panja ndi mpeni wa kukhitchini. Mwezi wa Malichi ku Toronto mitengo imakhala mbulanda, ndiye chobiriwira chokha chinali mpanda wa mkungudza wa kutsogolo kwa nyumba yathu. Anadula nthambi n'kukaziyala pamsewu, zina kumtunda, zina kumunsi, n'kuima pambali chipewa chili m'manja. Ndinatsika kukaima nawo. Galimoto zinkangoponda. Basi inadutsa n'kuzimwaza. Palibe ngakhale mmodzi anatsitsa liwiro, ndipo sindikuwaimba mlandu, akadadziwa bwanji? Posakhalitsa woyang'anira nyumba anatuluka ndi tsache, akung'ung'udza za mpanda wake. Ndinamva chisoni chosakanikira ndi manyazi, ndipo manyaziwo ndimadana nawo ndikawakumbukira.

Masana ake tinapita kwa mkulu wa kampani yoona za maliro. Anali munthu waulemu, wolankhula motsitsa mawu, wotchi ili padzanja. Anatiyalira dongosolo: Misa ithe hafu teni kutchalitchi cha pafupi ndi Keele, tilowe 401, leveni koloko tili kumanda. A Gwedeza anapempha kuti galimoto ya maliro iyende pang'onopang'ono. Mkuluyo anamwetulira mwachifundo n'kunena kuti pa haiwe lamulo salola, munthu amayenda ndi liwiro la anzake. Nanga misewu ya m'tauni? Anati maloboti ndi ambiri, mdipiti ungaduke, komanso galimoto yomweyo ikufunika pa maliro ena wani koloko. Anatipatsa timapepala tomata pagalasi ndi kutikumbutsa kuyatsa nyali.

Tikutuluka, a Gwedeza anandigwira pamkono.

"Lachinayi ndikatenga mutu wa thiraki kuyadi ya kampani. Ndikakhala kutsogolo kwa Nangozo. Iwe udzayende kumanzere kwake, pambali penipeni, asapeze potulukira."

"Achimwene, mwapenga? Akuchajani, akulandani laisensi, akufayaninso kuntchito. Mudzadya chiyani m'dziko la eni?"

"Kodi ndakupempha nzeru? Unalipo pa tiyi paja kapena sunalipo?"

"Ndinalipo, koma alamu ankangocheza. Tikaimbira kumanda konko, ngakhale nyimbo khumi."

"Anati akuyenda. Sanati atafika."

Ndinakana. Ndinawauza kuti ine ndili ndi ntchito ya ku yunivesite, ndili ndi ana awiri, mapepala anga okhalira m'dziko sanakhwime. Zonsezo zinali zoona, koma chenicheni n'chakuti ndinkauopa msewu umenewo. Ndinali nditayendetsa galimoto zaka ziwiri zokha, ndipo pa 401 ndinkagwira chiwongolero ngati ndikupha nkhuku. A Gwedeza anandiyang'ana n'kukakwera basi okha.

Lachinayi kunacha kozizira, chipale chakuda chili milumilu m'mbali mwa misewu. Misa itatha tinanyamula bokosi n'kulilowetsa m'galimoto. Titacheuka, mwini maliro palibe. Mkulu uja anayang'ana wotchi, anadikira mphindi zitatu, n'kunena kuti mwina atsogola. Tinanyamuka galimoto zisanu. Ine ndinali woyamba kumbuyo kwa bokosi, ndili ndi Zelipa kutsogolo, Agnes ndi Selina, anamwino anzake a malemu, ali kumbuyo. Wotsatira anali Ambrose wa ku Chipata ndi chigalimoto chake chofuka utsi.

Pokhotera kulowa 401 tinauona. Mutu wa thiraki wopanda ngolo unali utaima m'mbali, nthambi za mkungudza zitamangidwa kubampala ndi kumagalasi onse awiri. Utangotiona unatulutsa utsi n'kulowa kutsogolo kwa galimoto ya maliro, mwaulemu, indiketa ikuphethira, monga a Gwedeza ankachitira chilichonse. Tinalowa mumsewu waukulu. Pamene aliyense amaponda mafuta, iwo anakhazikika pa mamailosi khumi pa ola.

Mahutala anayamba nthawi yomweyo. Dalaivala wa galimoto ya maliro anadikira pang'ono, akuganiza kuti thirakiyo yawonongeka, kenaka anayatsa indiketa ya kumanzere. Ndinaiona ikuphethira, kamodzi, kawiri. Zelipa sanandiyang'ane. Anangonena motsitsa kuti, "Bambo a Alice, achemwali akupita." Sindikudziwa kuti manja anga anapangana liti ndi mapazi. Ndinangozindikira ndakhotera kumanzere, ndaponda mafuta, ndili pambali penipeni pa bokosi. Ambrose, amene sanauzidwe chilichonse, anaona n'kumvetsa, n'kudzatseka kumbuyo. Kumanja kunali mpanda wachitsulo. Kwa nthawi yoyamba mpanda umenewo unatigwirira ntchito ife.

Zelipa anatsitsa galasi. Mphepo inalowa ngati mpeni, koma iye anayambitsa nyimbo, Agnes ndi Selina n'kuvomera. Amayi a m'galimoto ya Ambrose anatsitsanso magalasi awo. Mwa mizere itatu ya kumbali imene tinalimo, umodzi wokha ndiwo unatsala wotseguka, ndipo anthu ankadutsa mmenemo akutitukwana, ena akutilozera zala, ena akumenya zitseko zawo ndi manja. Thiraki ina inandidutsa pafupi moti galimoto yanga inagwedezeka. Thukuta linali kamukamu m'kati mwa jekete. Ndinali ndi mantha, ndisaname, ndipo mumtima ndinkawatukwana a Gwedeza ndi Balaka yawo yonse.

Koma nditayang'ana kumanja, bokosi la alamu anga linali pompo, kuseri kwa galasi, moti ndikadatambasula dzanja ndikadalikhudza. Linkayenda pang'onopang'ono, maluwa ake osagwedezeka. Dalaivala wa galimotoyo, bambo wa imvi, anandiyang'ana mokwiya, anayang'ana amayi akuimba misozi ili chuchuchu, anayang'ananso nthambi zija. Patapita kanthawi anazimitsa indiketa. Ndinayamba kuvomera nawo nyimbo ndi besi yanga yoipayo, imene Anastazia ankati imathamangitsa angelo.

Tinadutsa Dufferin, tinadutsa Bathurst. Pagalasi loonera kumbuyo ndinkaona galimoto zitadzaza mpaka kumene maso amalekezera. Apolisi anachedwa kutipeza chifukwa cha mzere womwe tinaupanga tokhawo, mpaka anachita kudzera m'mphepete. Anatiimitsa titangowoloka mlatho wautali wa pa Yonge. Wapolisiyo anatsika nkhope ili psuu. Analoza galimoto ya maliro kuti ipitirire, ndipo inanyamuka ndi liwiro la msewuwo, galimoto zina zija zikuitsatira. M'kanthawi kochepa inali itasowa pakati pa mathiraki.

A Gwedeza anatsika okha, atavala suti yakuda, mutu uli pambalambanda. Anapereka makiyi ndi laisensi ndi manja awiri asanapemphedwe. Wapolisi anakalipa za ngozi imene ikadachitika, ndipo sankanama. Anafunsa za nthambizo. A Gwedeza anayankha m'Chingerezi chawo chochepa kuti m'bokosimo muli mkazi wawo. Wapolisiyo anamva, koma cholembera sanachibweze m'thumba. Analemba zonse, ine anandipatsa tikiti yanga, n'kunena kuti thiraki ikokedwa, bamboyu apite akaike mkazi wake, adzaonana kukhoti.

Zotsatira zake mwaziona kale m'kanyumba ka galasi kaja. Kampani inawachotsa ntchito chifukwa chotenga thiraki popanda chilolezo, khoti linawalanda laisensi, ndipo pa msinkhu wawo panalibenso wowalemba. Ndinawauzapo kangapo kuti bwanji osayesa kubwerera ku Balaka. Ankandifunsa kuti Nangozo atsala ndi yani. Choncho anakhala, m'dziko limene sanalikonde, akupatsa moni aliyense woimika galimoto ndi kumufunsa za kunyumba, mzere uli kumbuyo.

Koma tsiku lija, m'mphepete mwa 401, zonsezo zinali zisanafike. Selina anasendera, a Gwedeza n'kukhala kumbuyo, mawondo atagunda mpando wanga. Ndinalowanso mumsewu. Ndipamene ndinazindikira kuti iwo sanamve kalikonse. Anali okha m'thirakimo, injini ikulira pansi pawo, mahutala mbali zonse, bokosi lili kumbuyo kumene sankaliona bwino. Tinayenda mpaka kudutsa chipatala chija, iwo akuyang'ana manja awo. Kenaka anakweza mutu.

"Mlamu," anatero kwa Zelipa, "zinakwana zingati?"

"Zisanu ndi imodzi, alamu. Yachisanu ndi chiwiri tinangoiyamba."

"Usandinyengerere ngati mwana."

"Sindikukunyengererani. Agnes, awerengere."

Agnes anazitchula imodziimodzi akupinda zala, mpaka dzanja linatha, n'kupinda chala cha dzanja linalo. A Gwedeza ankagwedeza mutu pa nyimbo iliyonse. Atamaliza, anaphimba nkhope ndi chipewa chawo n'kulira mokweza, kulira kwa kumudzi kumene anakubisa masiku anayi m'nyumba ya makoma opyapyala. Tinawasiya alire. Ine ndinkayendabe pang'onopang'ono m'mzere wa kumanja, poganiza kuti ndi zimene akufuna.

Atapukuta maso anandigogoda paphewa.

"Nanga iwe ukukwawiranji? Zake zakwana. Ponda mafuta, Lameck, angafike yekha kumanda."